Dark mode yosokonekera pa makompyuta a ARM: musanalipire kanthu, yerekezani njira izi

Dark mode, kutanthauza maonekedwe akuda a pa sikirini, ikasokonekera, zizindikiro zake zimafanana kulikonse. Windo ya pulogalamu yada, koma zilembo za m'menyu nazonso n'zakuda, ndiye simuona kanthu mpaka mutadutsitsapo mausi. Kapena thupi lonse lada koma mutu wa windo ukadali woyera mbee. Pena mabokosi olembamo ndi oyera ndipo zomwe mukulembamo n'zoyeranso, pena tizithunzi ta pa mabatani tasowa chifukwa tinajambulidwa ndi mizere yakuda. Anthu akukumana nazo kwambiri zimenezi akasamukira ku makompyuta a purosesa ya ARM, monga ma Mac a M1 ndi otsatira ake kuyambira 2020, malaputopu a Windows a Snapdragon X omwe anatuluka mu 2024, kapena Linux ya pa ARM64, n'kumagwiritsabe ntchito mapulogalamu amene anapangidwira mapurosesa a Intel ndi AMD.

Ambiri amathamangira kuloza chala emulator. Komatu Rosetta 2 ya pa Mac, Prism ya pa Windows, ndi FEX kapena box64 za pa Linux sizisankha mitundu. Ntchito yake ndi kusandutsa malamulo a x86, omwe ndi a mapurosesa a Intel ndi AMD, kuti purosesa ya ARM iwamve, basi. Zili ngati womasulira pa msonkhano: amanena mawu a mlendo m'chinenero chanu, koma zovala zimene mlendoyo wabwera nazo sanamusankhire ndi iye. Munthu amene sanamvetse zimenezi angathe kugula laisensi yodula n'kupeza kuti zilembo zake zikadali zakuda pa sikirini yakuda.

## Pomwe pamadukira zinthu

Choyambitsa chachikulu ndi ukalamba. Pulogalamu imene mpaka pano ikadali ya x86 yokha kawirikawiri ndi yomwe eni ake sanaikhudze kwa zaka. Pa Mac, dark mode inabwera ndi macOS Mojave mu 2018. Pulogalamu yomangidwa ndi zida za Apple za m'mbuyo mwa chaka chimenecho imangokhala yowala, ndipo palibe chosokonekera. Imene imavuta ndi yomangidwa ndi zida zatsopano koma olemba ake anakhomera mitundu ina m'kati mwa khodi: macOS imadetsa kumbuyo, pulogalamu imaumirira kuti zilembo ndi zakuda. Pa Windows nkhani ndi yosokonekera kuposa apo. Kwa zaka zambiri mapulogalamu akale a Windows, otchedwa a Win32, analibe njira yovomerezeka yodetsera mabatani ndi mamenyu, choncho olemba mapulogalamu ankagwiritsa ntchito mbali zosalembedwa za fayilo ya uxtheme.dll, zomwe zimaitanidwa ndi manambala, osati mayina. Ngakhale nambala yodetsera mutu wa windo inasintha kuchoka pa 19 kufika pa 20 m'kati mwa Windows 10 momwemo. Mapulogalamu omangidwa ndi Qt, chida chopangira mawindo ndi mabatani a mapulogalamu, nawonso anayamba kutsatira bwino dark mode ya Windows mu Qt 6.5 ya 2023. Ambiri akale akadali pa Qt 5.

Chachiwiri ndi chomwe emulator imakhudzidwadi nacho. Kawirikawiri pulogalamu ya x86 singakweze pulagini kapena laibulale yomangidwira ARM yeniyeni. Pa Linux izi zimaoneka poyera: kachidutswa kamene kamauza mapulogalamu a Qt za theme ya desktop yanu ndi ka ARM64, pulogalamu yanu ndi ya x86, ndiye siikaona n'komwe. Imangobwerera ku maonekedwe ake a chibadwa, kapena imatenga theka la mitundu n'kusiya theka. Mapulogalamu a GTK 2, chida china chofanana ndi Qt, ali ndi vuto lomweli chifukwa ma theme ake ambiri amadalira injini zomangidwira purosesa, pomwe a GTK 3 amawerenga mafayilo a CSS omwe alibe nazo ntchito kuti purosesa ndi yotani.

Chachitatu sichikhudzana ndi dark mode ngakhale pang'ono, chimangofanana nayo. Mabokosi akuda bii, kuphethira kwa windo, mbali ina yosajambulidwa: apa vuto lili pa njira yopita ku GPU, kachipangizo kojambula zithunzi za pa sikirini. Mapulogalamu a Electron, omwe ndi masamba a intaneti okutidwa ngati pulogalamu, ndi ena odalira OpenGL pojambula zithunzi ndi omwe amachita zimenezi kawirikawiri pomwe driver ya zithunzi siikugwirizana nawo.

Kusiyanitsa zitatuzi sikutenga nthawi. Choyamba onani ngati pulogalamuyo ikudutsadi mu emulator. Pa Mac tsegulani Activity Monitor muone gawo la Kind, lomwe limalemba Intel kapena Apple. Pa Windows 11 pitani mu Task Manager, tsamba la Details, muone gawo la Architecture. Pa Linux lamulo la `file` limanena. Kenako zimitsani dark mode pa kompyuta yonse, mutseke pulogalamuyo n'kuitsegulanso. Zonse zikakhala bwino, vuto ndi loyamba kapena lachiwiri. Mabokosi akuda akatsalabe, yang'anani ku GPU. Ndipo ngati mungapeze kompyuta ya Intel, yesani mtundu womwewo wa pulogalamuyo dark mode ili yoyaka. Ikasokonekeranso kumeneko, emulator ilibe mlandu.

## Zoyezera

Njira iliyonse ndiiona pa zinthu zinayi. Mtengo sindikunena ndalama zokha, koma batire, RAM ndi nthawi yanu. Kupezeka ndiko kuti njirayo ilipodi pa makina anu ndi pulogalamu yanu. Kusamalira ndi ntchito imene idzakutsatani update iliyonse ikabwera. Zoopsa ndi zomwe zingawonongeke kapena kutayika.

Muyeso wa kupambana nawo tigwirizane. Cholinga si kukhala ndi sikirini yokongola yofanana paliponse, koma kutha kuwerenga. Malangizo a WCAG, othandiza kuti masamba a intaneti aziwerengeka kwa aliyense, amati zilembo wamba zisiyane ndi kumbuyo kwake mosachepera 4.5 pa 1. Pulogalamu yowala pakati pa mawindo akuda imanyansa, koma imawerengeka. Yakuda theka siiwerengeka, ndipo mu pulogalamu yowerengera ndalama kapena yolembera mankhwala, kabokosi kosaoneka ngati kachongedwa kapena ayi si nkhani ya kukongola.

## Njira yoyamba: pulogalamu yomweyo, yomangidwira ARM

Mtengo. Nthawi zambiri palibe cholipira. Chovuta n'chakuti mtundu wa ARM umakonda kukhala watsopano, ndipo makampani ena anasiya kugulitsa laisensi ya kamodzi n'kuyamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi. Amene anagula kalekale angapeze kuti kukonza mitundu kukutanthauza kulowa m'malipiro osatha. Kumbali ya batire ndi liwiro, iyi ndiye njira yotsika mtengo kuposa zonse.

Kupezeka. Pa Mac zinthu zinapita patali: Electron inayamba kumangira Apple silicon mu 2020, Qt 6.2 ndi Java 17 mu 2021, choncho mapulogalamu ambiri amene akusamalidwabe ali ndi mtundu wa ARM kapena wa Universal, woyenda pa Intel ndi pa ARM pomwe. Pa Windows mndandanda ukukula koma uli ndi mipata, makamaka pa mapulogalamu a m'mafakitale, a zamaakaunti ndi oyendetsa zipangizo. Chenjerani ndi masamba otsitsira amene amakupatsani x64, ya Intel ndi AMD, mosafunsa pomwe fayilo ya ARM64 ili pansi pang'ono. Pa Mac onaninso mu Get Info ngati kabokosi ka Open using Rosetta sikanachongedwe. Anthu amakachonga tsiku lina chifukwa cha pulagini imodzi n'kuiwala.

Kusamalira. Palibe choposa ma update a masiku onse.

Zoopsa. Mapulagini. Pulogalamu yojambulira nyimbo kapena yokonzera zithunzi ikakhala ya ARM, mapulagini akale a Intel angakane kutseguka, pokhapokha pulogalamuyo ili ndi njira yowayendetsera padera. Mafayilo osungidwa ndi mtundu watsopano angakanenso kutseguka kwa anzanu amene akadali pa wakale. Ndipo musayembekezere zozizwitsa: ngati olemba anangomanganso khodi yomweyo osakhudza mitundu, mudzapeza pulogalamu yothamanga bwino yokhala ndi zilembo zosaoneka zomwe zija.

## Njira yachiwiri: kusiya emulator, n'kulamula maonekedwe a pulogalamu imodziyo

Iyi ndi imene ndimalimbikitsa anthu ambiri kuyamba nayo, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa kachitidwe kake n'kosiyana pa makina aliwonse.

Yambani m'masetingi a pulogalamu yeniyeniyo. Ambiri ali ndi malo osankhira pakati pa Light, Dark ndi kutsatira kompyuta. Kutsatira kompyutako ndi kumene kumaduka. Mukasankha nokha Light kapena Dark, pulogalamu siifunsanso aliyense.

Ngati malo amenewo palibe, pa Mac pali lamulo la mu Terminal lokakamiza pulogalamu imodzi kukhala yowala pomwe zina zonse zili zakuda: `defaults write` kenako dzina la m'kati la pulogalamuyo, kenako `NSRequiresAquaSystemAppearance -bool yes`. Mukafuna kubweza, `defaults delete` ndi mayina omwewo. Limagwira pa mapulogalamu ambiri odalira maonekedwe a macOS, koma osati pa amene amadzijambulira okha chilichonse. Ena amalangiza kutsegula fayilo ya Info.plist m'kati mwa pulogalamu n'kulembamo zomwezo. Musatero. Kusintha kalikonse m'menemo kumaphwanya siginecha ya pulogalamu, ndipo macOS ingakane kuitsegula.

Windows ilibe batani lotere la pulogalamu imodzi. Chimene ilipo ndi kusankha Custom mu Settings, pa Personalization ndi Colors, n'kusiya taskbar ndi Start zakuda koma mapulogalamu owala. Kenako msakatuli wanu ndi mapulogalamu ena abwinobwino mumawadetsa m'masetingi awo. Ndi njira yozungulira, koma imagwira. Pa mapulogalamu a Qt mungawonjezere `-platform windows:darkmode=0` kumapeto kwa shortcut, ndipo `-style fusion` imathandiza pomwe mabatani ndi kumbuyo sizikugwirizana. Tsamba la Compatibility lili ndi masetingi a emulation, koma amakhudza kamasuliridwe ka malamulo a purosesa. Angathandize pulogalamu yomangozima, osati mitundu.

Pa Linux muli ufulu wambiri ndiponso ntchito yambiri. `GTK_THEME=Adwaita:dark` kapena `GTK_THEME=Adwaita` imalamula mapulogalamu a GTK 3, ndipo `QT_STYLE_OVERRIDE=fusion` imakakamiza a Qt kugwiritsa ntchito maonekedwe a Fusion. FEX imayendetsa mapulogalamu ndi gulu lakelake la malaibulale a x86, choncho pulagini ya theme iyenera kuikidwa m'menemo, ya x86, osati pa Linux yanu ya ARM yokha. box64 imayenda njira ina: imalowetsa malaibulale ena a ARM m'malo mwa a x86, ndiye pulogalamu yomweyo ingaoneke mosiyana pa ziwirizi. Kuyambira GNOME 42, desktop ya Linux yomwe inatuluka mu 2022, chofuna cha dark mode chimalengezedwa kudzera mu xdg-desktop-portal, ndipo pulogalamu yakale siidziwa n'komwe kuti kumeneko kuli uthenga.

Ngati munapeza kuti vuto ndi GPU, pulogalamu ya Electron itseguleni ndi `--disable-gpu`, kapena muzimitse hardware acceleration m'masetingi ake. Pa Windows ya ARM, mapulogalamu ena a OpenGL amafuna Compatibility Pack ya Microsoft yopezeka mu Microsoft Store.

Mtengo. Ndalama ayi. Nthawi ya kufufuza, inde. Kuzimitsa GPU kumadya batire kwambiri, chifukwa purosesa imayamba kujambula yokha, komanso khodi yojambulayo ikudutsa mu emulator.

Kupezeka. Paliponse, lero lomwe. Pa kompyuta ya ku ntchito mungafunike chilolezo cha oyang'anira makina.

Kusamalira. Apa ndi pamene njirayi imafooka. Update ya pulogalamu ingalembenso shortcut n'kufufuta zomwe munawonjezera. Update ya Windows ingasinthe mbali zosalembedwa zija. Lembani penapake zomwe munasintha, chifukwa pakatha miyezi simudzakumbukira chifukwa chake pulogalamu imodzi ikukana kuda ngakhale eni ake anaikonza kale.

Zoopsa. Tizida tina ta pa intaneti timalonjeza kudetsa pulogalamu iliyonse ya Windows polowetsa khodi yawo m'kati mwake kapena kusintha mafayilo a Windows. Pa makina a ARM n'toopsa kawiri: tambiri tinalembedwera x64 yokha, ndipo tikalakwitsa mungalephere kulowa mu kompyuta yanu. Choopsa china n'cha nthawi. Mu 2025 Apple inalengeza kuti Rosetta 2 ipitirira kugwira ntchito kwa mapulogalamu onse mpaka macOS 27, kenako idzatsala mbali yochepa yothandiza masewera akale. Pa Mac, njirayi ikukugulirani nthawi chabe.

Pali anthu amene dark mode si nkhani ya kukonda. Kuwala kumawapweteka maso kapena kumawayambitsa mutu, ndipo kuwauza kuti angobwerera ku sikirini yoyera n'kusawamvetsa. Kwa iwo, pa Windows, yesani ma contrast theme a mu Accessibility. Amenewa amasintha mitundu yeniyeni ya Windows imene mapulogalamu akale a Win32 akhala akuwerenga kuyambira kalekale, choncho pulogalamu yomwe siidziwa dark mode imada bwinobwino, kaya ikudutsa mu Prism kaya ayi. Maonekedwe ake ndi okhakhala, koma zilembo zimaoneka. Pa Mac ndi pa Windows palinso kutembenuza mitundu ya sikirini yonse, komwe n'kosathandiza kwa wokonza zithunzi koma n'kokwanira kwa wolemba manambala.

## Njira yachitatu: Wine kapena CrossOver

Iyi ndi ya amene akufuna pulogalamu ya Windows pa Mac kapena pa Linux popanda kuika Windows. Ndiitchula chifukwa anthu amaiyesa poganiza kuti mtundu wa Windows uoneka bwino kuposa wa Mac wakale. Kawirikawiri sizitero.

Mtengo. Wine ndi yaulere. CrossOver, yopangidwa ndi CodeWeavers, ndi yolipira ndipo amalola kuiyesa kaye kwa masiku 14. Laisensi ya Windows siifunika, ndipo RAM siidyedwa ngati pa virtual machine, kompyuta yoyerekeza yoyenda m'kati mwa yanu.

Kupezeka. Zimadalira pulogalamu. Ina imayenda bwino, ina siitseguka n'komwe, ndipo simungadziwe osayesa.

Kusamalira. Pulogalamu iliyonse ingakhale m'botolo lake, malo apadera oyerekeza Windows, lokhala ndi Registry yakeyake, yomwe ndi nkhokwe ya masetingi. Ubwino wake ndi wakuti AppsUseLightTheme, setingi yonena ngati mapulogalamu akhale owala kapena akuda, mungaiike momwe mukufunira m'botolo limodzi osakhudza china chilichonse. Kuipa kwake n'kwakuti siitsatira yokha zomwe mwasankha pa desktop.

Zoopsa. Apa pali zigawo ziwiri zomasulira: Wine ikuyerekeza kukhala Windows, ndipo pansi pake Rosetta 2, FEX kapena box64 ikumasulira malamulo a purosesa. Wine inalemba uxtheme yakeyake, ndipo mbali zosalembedwa zimene mapulogalamu amadetsera mamenyu si zonse zimachita zofanana ndi za Windows yeniyeni. Mutu wa windo nawo umajambulidwa ndi desktop yanu, ndiye thupi lowala ndi mutu wakuda n'zachizolowezi. Ngati cholinga ndi dark mode yosalala, njirayi imawonjezera malo odukira. Ngati mwavomera kuti pulogalamuyo ikhale yowala, ndi yabwino ndithu.

## Njira yachinayi: virtual machine

Chinthu chimodzi chimene otsatsa sanena mokweza: Windows imene mumaika mu Parallels Desktop, VMware Fusion kapena UTM pa Mac ya Apple silicon ndi Windows 11 ya ARM. Boot Camp, njira yoikira Windows mwachindunji pa ma Mac a Intel, kulibe pa makina amenewa. Pulogalamu yanu ya x86 ikalowa m'menemo imadutsabe mu emulator, kungoti tsopano ndi ya Microsoft. Ngati inali ndi vuto la mitundu pa laputopu ya Snapdragon, idzakhala nalo m'menemonso.

Chomwe mumapindula ndi china: kompyuta yachiwiri yokhala ndi masetingi akeake. M'kati mumasiya zonse zowala, kunja Mac yanu ikhalabe yakuda. Pulogalamu imapeza uxtheme yeniyeni, mafonti enieni ndi mabokosi enieni a Windows. Kwa pulogalamu yamakani, zimenezi zimathetsa nkhani.

Mtengo. Iyi ndiye yodula. Parallels imalipiritsa, VMware Fusion inakhala yaulere kwa onse kumapeto kwa 2024, UTM ndi yaulere. Pamwamba pake pamafunika laisensi ya Windows. Windows 11 payokha imafuna RAM yosachepera 4 GB ndi malo a 64 GB, choncho pa laputopu ya 8 GB zonse ziwiri zimapanikizana, ndipo batire silikhalitsa.

Kupezeka. Pa Mac n'zosavuta tsopano. Mu 2023 Microsoft inavomereza Parallels ngati njira yoyendetsera Windows 11 ya ARM pa Apple silicon, ndipo mu 2024 inayamba kupereka poyera fayilo ya ISO ya ARM. Ma driver a x86 sangamasuliridwe, choncho chipangizo cha USB chimene chilibe driver ya ARM64 sichigwira, ngakhale pulogalamu yake itatseguka bwino. Ofuna kuyendetsa makina osindikizira akale, zipangizo za mu labu kapena makiyi a laisensi a USB afufuze zimenezi asanalipire.

Kusamalira. Muli ndi makompyuta awiri tsopano: ma update awiri, zosunga zapadera ziwiri, chitetezo cha mbali ziwiri.

Zoopsa. Zithunzi za 3D zili ndi malire m'kati mwa virtual machine, ndiye amene vuto lawo linali GPU angalipeze lakula. UTM imathanso kuyerekeza kompyuta yonse ya x86 kudzera mu QEMU, ndipo ena amaikamo Windows 7 poti dark mode mulibe. N'zoona kuti vuto la mitundu limatheratu. Koma imayenda mwapang'onopang'ono kwambiri, ndipo Windows 7 inasiya kulandira zotetezera mu 2020. Yoteroyo musailumikize ku intaneti.

## Njira yachisanu: kuchotsa pulogalamuyo pa makina anu

Pali mitundu iwiri. Woyamba ndi kugwiritsa ntchito pulogalamu yomweyo mu msakatuli, ngati eni ake ali ndi tsamba lotero. Msakatuli wanu ndi wa ARM kale, ndipo amauza tsamba ngati mukufuna maonekedwe akuda. Asakatuli akuluakulu akhala akuchita zimenezi kuyambira 2019. Kwa mapulogalamu ochezera ndi olembera amene ndi Electron, kusiyana kwake n'kochepa zedi, popeza omwewo ndi tsamba lokutidwa. Wachiwiri ndi kuyendetsa pulogalamu pa kompyuta yeniyeni ya x86 ili kwina, kaya yakale ya mu ofesi kaya yobwereka monga Windows 365, n'kumaiona kudzera pa Remote Desktop.

Mtengo. Msakatuli nthawi zambiri sawonjezera kanthu. Kompyuta yobwereka ndi malipiro a mwezi ndi mwezi. Yakale yomwe muli nayo kale imangodya magetsi, koma kuti ilandire Remote Desktop ya Microsoft iyenera kukhala ndi Windows ya Pro, osati Home.

Kupezeka. Zonse zimafuna intaneti kapena netiweki ya mu ofesi yodalirika. Ikaduka, ntchito yaima.

Kusamalira. Msakatuli safuna kanthu. Kompyuta yakutali imafuna wina woiyatsa ikazima, ndipo ngati ili pa Windows 10, chithandizo chake cha nthawi zonse chinatha mu Okutobala 2025.

Zoopsa. Mtundu wa pa intaneti umakonda kusowa zinthu zina, makamaka mapulagini ndi kugwira mafayilo aakulu a pa kompyuta yanu. Zowonjezera za msakatuli zodetsa masamba zimafuna chilolezo chowerenga tsamba lililonse lomwe mwatsegula, kuphatikizapo la ku banki. Pa Remote Desktop, intaneti ikachepa mphamvu chithunzi chimapanikizidwa, ndipo zilembo zotuwa pa malo akuda ndi zomwe zimayamba kufufutika. Maonekedwe owala amapirira bwinoko. Ndipo musatsegulire Remote Desktop ku intaneti yonse popanda VPN, chifukwa akuba amasakasaka makomo otere usana ndi usiku. Dziwaninso kuti njirayi imachotsa emulator, osati ukalamba wa pulogalamu. Kumeneko mudzaisiyabe yowala.

## Ndani asankhe iti

Ngati mtundu wa ARM ulipo ndipo mapulagini anu akugwirizana nawo, tengani umenewo, n'kuyesanso dark mode mutauika. Pa Mac musazengereze ngakhale mitundu itakhala kuti siikukuvutani, chifukwa Rosetta 2 ili ndi malire a nthawi.

Ngati ndi pulogalamu imodzi imene mumatsegula mwa apo ndi apo, ikakamizeni kukhala yowala n'kupitiriza ntchito. Kulipira virtual machine chifukwa cha menyu yosaoneka n'kuwononga ndalama ndi RAM. Chimodzimodzi amene agwidwa ndi mapulagini akale a Intel: khalani pa emulator, lamulani maonekedwe m'masetingi a pulogalamu, ndipo yambani kufufuza olowa m'malo mwa mapulaginiwo.

Amene akuona mabokosi akuda ngakhale dark mode ili yozimitsa asiye kulimbana ndi mitundu. Ayambe ndi update ya driver ya zithunzi, kenako azimitse hardware acceleration. Zikakanika, msakatuli ndi wabwino kuposa kusiya GPU yozimitsa tsiku lonse.

Wogwiritsa ntchito Mac amene ntchito yake yonse yagona pa pulogalamu ya Windows yokha, tsiku ndi tsiku, ndiye woyenera virtual machine, bola RAM ikhale 16 GB kapena kuposa. Ngati pulogalamuyo ndi yaing'ono ndipo siidalira driver iliyonse, ayese kaye CrossOver m'masiku oyesera aja asanagule Windows.

Ngati pali chipangizo chofuna driver ya x86, Prism kapena virtual machine ya Windows ya ARM sizingathandize. Sungani kompyuta ya Intel kapena AMD pafupi ndi chipangizocho, muzilumikizana nayo kuchokera pa laputopu yanu.

Pa Linux, amene sakuopa Terminal aike pulagini ya theme ya x86 pamodzi ndi malaibulale a emulator, kapena alembe kafayilo kotsegulira pulogalamu ndi `GTK_THEME` kapena `QT_STYLE_OVERRIDE`. Ngati khodi ya pulogalamuyo ndi yotseguka, onani kaye m'nkhokwe ya Linux yanu, chifukwa mwina wina anaimanga kale ya ARM64.

Oyang'anira makompyuta ambiri a m'bungwe asadalire malamulo olembedwa pamanja pa makina amodziamodzi. N'kwabwino kuika mapulogalamu pa Light kwa onse mpaka pulogalamu yovutayo itakonzedwa, kupatula amene maso awo amafunadi sikirini yakuda, omwe apatsidwe contrast theme. Polembera eni pulogalamu, tumizani chithunzi cha vutolo, nambala ya mtundu wa pulogalamu ndi wa Windows kapena macOS, zimene Task Manager kapena Activity Monitor ikunena za purosesa, komanso ngati vutolo likuonekanso pa kompyuta ya Intel. Mukanena kuti likuonekanso kumeneko, sangakubwezeni ndi yankho lakuti makina a ARM sawathandiza.